Galu Wakuda, Mitambo Kumbuyo

Tasenderani kuno nonse! Inu muli kumapeto kwa chigafa uko, nyamulani masamba anuwo mudzasokere pompano. Iwe, tazimitsa kawailesi kakoko. Chete! Ndati chete! Manja azisoka fodya, pakamwa pakhale potseka, pakamwa poyankhula lero ndi panga pokha. Mwakhala mukundifunsa za chithunzi chili pakhoma m'nyumbamo, kuti zinatheka bwanji banja la mkulu wa mpingo kupachika galu pamalo pamene anzathu amapachika chithunzi cha ukwati. Lero mumva, ndipo wondidula pakamwa ndimupatsa mulu wina wa masamba.

Galu wake ndi uyo wagona pamthunziyo. Dzina lake sinditchula, akangolimva abwera kudzagona pafodyapa. Mwamuona kuda kwake? Bii! Mphuno yaitali ngati mpini. Si wanga ayi. Ine galu ndimamudziwa ngati chinthu chouwa akuba, basi. Uyu ndi wa agogo anu aamuna. Anamutola ali kamwana m'ngalande ya msewu, n'kubwera naye m'thumba la jekete, ndipo kuyambira tsiku limenelo anthu awiriwa, eya ndati anthu, sasiyana. Kumunda limodzi, kudimba limodzi. Kutchalitchi galu amadikira pansi pa bulugamu mpaka Ameni womaliza. Ana athu atabalalikira m'matauni, agogo anu nkhani zawo zonse amauza iyeyu. Ine ndikayankhula amati ndimasokosa. Ine? Kusokosa ine?

Ndipo mumve mmene amamuitanira. Amayamba ndi kachifuwa, khe-khem, kenako mawu apansi aja: "Tiyeni, akulu." Galu kumupatsa ulemu! Ine ndawaberekera ana, ndawaphikira mpaka imvi, koma "akulu" sanandiuzepo.

Ndiye chaka chija mvula inabwera yosalekeza. Fodya anali akadali m'munda, tisanathyole ngakhale tsamba limodzi, chigafa chino chili mikangala yokhayokha. Agogo anu anakwera pamwamba kukafolera denga, mvula ikuwathira pamsana. Ndikuti, "Abambo, tsikani!" Iwo, "Ndatsala pang'ono." Pang'ono pakepo chibayo chinawagwira. Kupuma kunkamveka ngati munthu akucheka thabwa. Tinawagoneka pamatiresi kumbuyo kwa galimoto ya matola, ulendo wa kuchipatala ku Mtengowanthenga.

Galu pambuyo. Galimoto ikutsetsereka m'mapiri muno, ikuterereka m'matope, iye ali lilime panja, wee, wee, wee. Ine ndikukuwa, "Bwerera! Choka iwe! Bwerera kunyumba!" Angamve ine? Mpaka pamsewu wa tala. Tikungolowa pamsewupo, njinga yamoto ikuchokera uko. Tsiii! Phwa! Kwee! Kwee! Kwee!

Agogo anu ali chagada, sakuona kanthu, koma makutu ali nawo. "N'chiyani chimenecho?"

Ine ndinaona ndi maso anga galu akugubudukira m'ngalande, ndinamuonanso akudzuka ndi miyendo itatu. Koma ndinati, "Palibe, abambo. Ndi galu wa eni ake."

Musandiyang'ane choncho. Mwambo wathu mukuudziwa, wodwala sauzidwa zoipa. Umamuuza kuti kumudzi kuli bwino, mbuzi zaswa, mvula ikugwa yabwino. Zoipa zimadikira munthu aime kaye ndi miyendo yake. Vuto linali lakuti mwambo umenewu agogo anu amaudziwa kuposa ine. Pamene mchimwene wawo anamwalira mayi awo ali chigonere, amene ankalowa m'nyumba akumwetulira n'kumati "achimwene apita ku Kasungu kukagwira ntchito" anali iwowa. Ndiye munthu woteroyo ungamunamize?

Kuchipatala anatilandira bwino. Jakisoni, diripi, thupi linazizira, kupuma kunabwerera m'malo. Koma munthu anatembenukira kukhoma. Ndikabwera ndi phala lothira nsinjiro, "Abambo, phala." Zii. Ndikabwera ndi nthochi, zii. Tiyi wamkaka, zii. Akatsegula pakamwa ndi funso limodzi lokha.

"Galu wanga munamukwirira pati?"

"Ali moyo, abambo! Ali pakhomo, akudya, palibe chinamuchitikira."

"Palibe chinamuchitikira. Amayi, ine ndinamva ndi makutu anga. Mwambo mukuchitawu ndinakuphunzitsani ndine."

Anamwino anandikokera pakhonde. Kamtsikana kabwino, mawu ake aang'ono ngati mbalame: "Agogo, mankhwala agwira ntchito yake. Koma munthu wosadya sitingamutulutse, ndipo thupi likutha. Chibayo chikabweranso chiwapeza opanda mphamvu." Ndinayang'ana mkono wa agogo anu pabulangete, wotchi ikutsetsereka mpaka pachigongono. Munthu amene ankanyamula thumba la feteleza yekha! Ndinadziwa kuti akapanda kukhulupirira kuti galuyo ali moyo, ine ndibwerera kumudzi ndi bokosi.

Ukufunsa kuti bwanji osangomutengera galuyo kuchipatala? Iwe, unaonapo galu m'wodi? Ndi minibasi iti ingamukweze? Ndipo nkhalamba ngati ine kuyenda pamsewu wa tala nditabereka galu wakuda kumbuyo, mawa lake mudzi wonse ukanati chiyani?

Ndinabwera kumudzi kudzamuona, paja anali atabwerera yekha pakhomo. Mng'ono wanga, amene ankasunga pakhomo, anali atamupaka jivi, mankhwala a pabala ofiirira aja. Khutu lakumanzere linang'ambika pakati, mwendo wakumbuyo akutsimphina, koma kudya akudya. Abale ndi amayi a Mvano anali atayamba kutithyolera fodya, chigafa chikudzaza. Ndinapempha mnzanga wina wa Mvano amujambule pafoni. Mayo! Nkhokwe inatuluka bwinobwino, nsungwi iliyonse payokha. Nkhuku yodutsa inatuluka. Galu, chinthu chakuda chopanda mutu, chopanda mchira. Tinayesa kanema, chinthu chakuda chomwecho koma chikugwedezeka. Nditabwereka foniyo kukawaonetsa, agogo anu anayang'ana kamodzi.

"Thumba la makala ili mwandibweretseranji? Chotsani, ndikumva chizungulire."

Apa ndi pamene anafika mpongozi wanga, mkazi wa mwana wanga wachiwiri, uja amakhala ku Lilongwe. Ena mumamudziwa, wamfupi, wosayankhulayankhula. Ntchito yake ndi kujambula maukwati ndi zinkhoswe. Anabwera kudzazonda matenda, anagwada patali pafupi ndi chitseko monga achitira mpongozi, maso pansi, namvetsera zonse. Titatuluka panja anati, mwakachetechete muja, mawu ngati akupempha mchere: "Amayi, tiyeni kumudzi. Ndikamujambule ine."

Ndinati, "Apongozi, galu uja ndi wakuda, sajambulika. Tayesa."

"Ajambulika, amayi."

Abale inu, ndaona anthu akugwira ntchito pamoyo wanga, koma mwana uja! Titafika, sanathamangire kamera ayi. Anakhala pansi pakhonde, chikamera chili pamiyendo, akungoyang'ana kumbali ngati galuyo sakumuona. Galu anabwera yekha. Ananunkhiza nsapato, ananunkhiza lamba wa kamera, ananunkhiza galasi lake lakutsogolo mpaka kusiyapo chinyezi. Iye anangopukuta ndi kansalu, osamukalipira. Ine ndikuti, "Jambulanitu, wafika!" Iye, "Adziwe kaye kuti sichiluma."

Kenako anagona chafufumimba. Pansi! Pamatope! Mpongozi, pamaso pa apongozi ake, chitenje chake chatsopano! Ndinakuwa, "Apongozi, anthu aona! Ndikubweretsereni mphasa!" Iye anati, "Mukamujambula mutaimirira, amayi, mumajambula msana. Abambo akufuna nkhope. Ndiyenera kutsika ndifike pamene pali maso ake."

Anandiitana kuti ndisuzumire m'galasi la kamera, kutsogolo kuja. "Mukuona kabowo m'katimo?" Ndinaona. Anapotoza kanthu ndi chala, kabowo kanakula mpaka ngati kukamwa kwa botolo. Anapotozanso, kanachepa ngati kambewu ka mapira. Ndinabwerera m'mbuyo, ndinati chinthuchi chili ndi moyo!

Anaseka. "Diso la mphaka munaliona, amayi? Masana limachepa, kukada limakula. N'chimodzimodzi. Galu wakuda amafuna kuwala kwambiri, ndiye ndikulitsa bowo. Koma bowo likakula, kamera imagwira malo amodzi okha, kagawo kopyapyala. Zakutsogolo kwake ndi zakumbuyo kwake zimasungunuka."

"Zimapita kuti?"

"Zilipo, koma zimaoneka mwachimbuuzi."

Tcha! Anajambula. Tinayang'ana pakagalasi kakumbuyo. Ha! Mphuno! Mphuno yokhayokha, yonyowa, ntchentche itatera pamwamba, mapiko ake kuoneka bwinobwino. Maso a galu ali mbuu ngati munthu woledzera. Ndinaseka mpaka kukhala pansi. "Apongozi, mwajambula ntchentche! Tikawaonetse abambo kuti ntchentche zawo zili moyo!"

Iye osakwiya. "Kamera imathamangira chimene chili pafupi, ndipo mphuno yakeyi ndi yaitali. Ndiiuza ndine pogwira." Panali kabokosi kakang'ono pagalasipo, anakasuntha ndi chala mpaka kanakhala padiso la galu, diso lapafupi. "Diso likagwidwa, chithunzi chili moyo. Diso likaphonyeka, ngakhale china chilichonse chioneke, mwataya."

Apa ine ndinakumbuka khutu. Ndinati, "Apongozi, khutu long'ambikalo lisaoneke. Wodwala saonetsedwa bala."

Anadzutsa mutu pamatope paja, nandiyang'ana. "Mukutsimikiza, amayi?"

"Ndati libiseni."

Sanatsutse. Anakwawa ndi zigongono mpaka khutu lija linakhala mbali yakutali, anakulitsa bowo mpaka pamapeto, anadikira galu atembenuzire nkhope kumene kumachokera kuwala. Anadikira. Ine miyendo kuyabwa. Anadikirabe. Tcha!

Ana inu, chithunzi chimene chija! Sindinadziwe kuti galu ali ndi nsidze. Diso lili ngwee, lofiirira ngati uchi, m'kati mwake muli kadontho ka kuwala, ndipo ukayang'anitsitsa khonde lathu likuoneka m'disomo. Ubweya uliwonse pawokha. Khutu lija linangokhala kamthunzi. Ndipo kumbuyo kwake, kumene kunali nkhokwe, mtondo, zovala pachingwe, zonse zinasungunuka, zoyera ndi zobiriwira kusakanikirana ngati nkhungu ya m'mawa paphiri la Ntchisi. Ndinaimba nthungululu. Ndinati galu ameneyu akanakhala munthu, akazi akanamenyana.

Anakachitsukitsa ku Mponela, chachikulu ngati thireyi, kuti maso a agogo anu asavutike. Tinalowa m'wodi ine ndili patsogolo, ndachinyamula pamwamba ngati mphatso ya pa ukwati. "Abambo! Dzukani! Muli ndi mlendo!"

Anachilandira ndi manja awiri. Anayang'ana nthawi yaitali. Ine mumtima ndikuti eya, tapambana, ndikatenthetse phala.

Pabedi loyandikana panali bambo wina wa ku Chisepo, wothyoka mwendo, munthu wosatha kusunga pakamwa. Anasolola khosi, nayang'ana, navula chipewa chake cha ulusi. "Pepani, achimwene. Anali galu wabwino."

Ndinati, "Anali? Inu bambo inu, anali chiyani?"

Agogo anu anaika chithunzi pachifuwa. Mawu apansi aja, koma osweka: "Mwamuika m'mitambo."

"Mitambo iti?"

"Mpaka pepala la maliro mwamupangira."

Ndinalanda chithunzi kuti ndiwakalipire, koma nditachiyang'ana, ndinaona zimene ankanena. Inu nonse mwapitako kumaliro masiku ano. Mapepala aja amagawa, malaya aja amasindikiza, womwalira amamuika bwanji? Nkhope yokha, yooneka bwino, yosalala, kumbuyo mitambo yoyera. Sakuponda pansi, palibe nyumba, palibe munda. Ife anthu a kuno tikaona nkhope yokongola kumbuyo kuli mbuu, timadziwa kuti mwini wake tinamuperekeza. Chithunzi cha munthu wamoyo chimakhala ndi njinga, chitseko, mbuzi yodutsa, mwana wa eni ake akusuzumira. Ine ndemwe ndinaimba nthungululu osaona zimenezo!

"Ndipo taonani," anatero agogo anu, "alibe ndi bala lomwe. Galu amene ndinamumva akulira pamsewu paja angakhale wosalala chonchi? Ichi munajambula pa Khirisimasi, apongozi atabwera ndi kamera yawo. Musandivutitse, amayi. Ndisiyeni." Anatembenukira kukhoma.

Wa ku Chisepo uja akuti, "Koma maliro ake anayenda bwino?" Ndikanakhala wopanda ubatizo, mwendo winawo ndikanauthyola.

Tsono mverani chimene anachita mpongozi wanga. Munthu wagona m'matope, wakwera minibasi kupita ku Mponela, ntchito yake yokongola yatchedwa pepala la maliro. Wina akanatola chikwama n'kubwerera ku Lilongwe. Iye anasendera ndi mawondo pang'ono, maso ali pansi, nafunsa, "Abambo, mukanakonda kuona chiyani?"

Kenako kukhoma kuja kunachoka mawu: "Ndione pamene waponda."

Titatuluka anati, "Ndalakwitsa ndine, amayi. Ndajambula chimene amakonda anthu a maukwati. Iwo amandiuza kuti chotsani zakumbuyo, tioneke ife tokha. Abambo akufuna zakumbuyozo." Anaima kaye, akupotoza lamba wa chikwama. "Koma ndipemphe chinthu chimodzi. Khutu lija lioneke."

Ndinati, "Ayi! Mukufuna kuwapha?"

"Amayi, iwo anamva kugunda. Galu wopanda bala sangamukhulupirire. Bala limene likupola ndi limene liwauze kuti anapulumuka."

Ndinatsegula pakamwa, ndinatseka. Ine! Lembani tsiku limenelo.

Tinabwerera kumudzi. M'mawa kunacha ndi nkhungu, phiri osaoneka, chigafa chikungooneka ngati chinyama chogona. Ine ndikuti tiyeni tijambule tithamange. Iye akuti, "Tidikire dzuwa. Lero bowo ndilichepetsa, kuti kamera igwire kuyambira mphuno, khutu, mwendo, mpaka fodya ali kumbuyoyo. Koma bowo likachepa, kuwala kumalowa pang'onopang'ono, ndiye kamera imachedwa kuphethira. Galu akagwedezeka isanaphethire, tapanganso thumba la makala."

"Ndiye mukufuna dzuwa, mukufunanso galu woima ngati chitsa?"

"Zonse ziwiri, amayi."

"Apongozi, mukanapempha mvula ya ndalama."

Dzuwa linatuluka nkhungu itakwera. Anasankha malo pomwe wakhala iwepo, kutsogolo kwa chigafa, masamba oyamba atayamba kusanduka achikasu pamikangala. Anabwerera m'mbuyo pang'ono kusiyana ndi ulendo woyamba uja, anati ukatalikira, kamera imagwira zambiri. Anagonanso pansi, zigongono anazizika m'dothi kuti manja asanjenjemere. Kabokosi kaja anakaikanso padiso.

Koma galu! Tsiku limenelo analowedwa chiyani kaya. Ndikamukhazika apa, wapita uko. Akakhala, akudzikanda. Akasiya kudzikanda, akuthamangitsa ntchentche ndi pakamwa. Tcha! Galu wa mitu iwiri. Tcha! Galu wa makutu anayi. Tcha! Fodya yekhayekha ndi kansonga ka mchira. Ndinabweretsa bonya, ndikuti akaona chakudya aima. Anandilumphira mpaka duku kugwa. Ndinamugwira pakhosi, mpongozi akuti, "Musamugwire, amayi, abambo adzati mwaimika mtembo." Ndipo kumpoto uko, ku Ntchisi, mtambo wakuda unali utayamba kale kutsika. Mphepo ya mvula inafika, masamba m'chigafa anayamba kugwedezeka.

Ndinati, "Basi, zakanika. Chepetsani zofuna zanu, tsegulani bowo lanulo."

Iye diso lili pakamera, osadzuka, anati, "Amayi, paja inu mumatha mawu a munthu aliyense."

"Wakuuzani ndani?"

"Ndinakumvani pa Khirisimasi kuseri kwa bafa, mukuyankhula ngati ine. Munatha bwino."

Iii! Dothi likanatseguka! Koma iye mapewa akugwedezeka, akuseka chamumtima. "Bwerani kumbuyo kwanga, mugwade, mutu wanu ukhale pamwamba pa kamera. Muitaneni mmene amamuitanira abambo. Kamodzi kokha, chifukwa kachiwiri adzadziwa."

Ndinagwada, mawondo akulira. Galu anali chammbali, akununkhiza mtengo wa chigafa. Ndinatsitsa mawu mpaka m'mimba, ndinawafuna amuna anga m'khosi mwangamu.

"Khe-khem. Tiyeni, akulu."

Galu anauma. Mutu unatembenuka, makutu onse awiri njo, ndi long'ambika lomwe. Mwendo wopweteka uja anauponda pansi. Sanapume, sanaphethire, mchira unaima pakati. Anayang'ana molunjika m'galasi muja ngati agogo anu atulukira m'kabowo.

Tcha.

Kamodzi. Mpongozi anayang'ana pakagalasi, natulutsa mpweya. Madontho oyamba a mvula anayamba kugwa pamsana pake.

Chimene chinandipweteka chinabwera pambuyo. Galu anatidutsa ife, nathamanga motsimphina kuzungulira nyumba. Anasuzumira kukhitchini, anakanda chitseko cha kuchipinda, anapita kukhola, anabwerera, akulira pang'onopang'ono, nguu, nguu. Akufuna mwini mawu. Ine ndinakhala pansi pamvula pompo. Mpongozi anabisa kamera m'chitenje, nakhala pambali panga. Ndinati, "Ndanamiza nkhalamba, ndanamizanso galu." Iye anati, "Tiyeni tikawabweretse, bodza lithe."

Chithunzi chachiwiricho ndi chimene chili pakhomacho. Pokongola sichifika pa choyamba chija, ine ndikuuzani zoona. Muli zinthu zambirimbiri. Muli chidebe chobooka, muli khasu logona, muli nkhuku theka. Koma chilichonse chili pamalo pake, kuyambira ndevu za galu mpaka chingwe chosokera fodya kumbuyo uko.

M'wodi ulendo uno sindinakuwe. Ndinangochiika pabulangete. Wa ku Chisepo anayamba kusolola khosi, ndinamuloza chala, anabweza.

Agogo anu anachiyandikiza kumaso. Chala chawo chinayenda pang'onopang'ono, chinafika pakhutu, chinaima pa jivi paja.

"Linang'ambika."

"Linang'ambika."

"Mwendo?"

"Akutsimphina, koma ndi uwo waponda pansiwo."

Chala chinatsika, chinakhudza pamene mapazi a galu anazama m'dothi lonyowa. Chinakwera, chinafika pafodya. Iwo anasiya chigafa chopanda tsamba, ndipo apa masamba ali lendelende, achikasu. Za Khirisimasi sanazitchulenso.

"Ndiye mumandinamiziranji kuti palibe chinachitika?"

"Mwambo munandiphunzitsa ndinu."

Anafuna kuseka, chifuwa chinawatsekereza. Kenako anachita chinthu chimene sanachitepo chikwatire mwana wathu. Anayang'ana mpongozi wawo kumaso, namuyankhula mwachindunji. "Apongozi, galu ameneyu sayang'ana munthu chonchi. Amayang'ana chonchi ine ndekha. Amayang'ana ndani apa?"

"Amayang'ana inu, abambo."

"Ine ndinali pano."

Mpongozi anandiyang'ana. Ine ndinaimirira pakati pa wodi, ndinakoka chitenje ngati ndikukweza buluku, ndinapinda msana. "Khe-khem. Tiyeni, akulu."

Wodi yonse inaphulika! Wa ku Chisepo akumenya bedi, "Ndi iwowo! Ndi iwowo ndithu!" Anamwino anathamanga kudzaona ngati wina wagwa. Agogo anu akuti, "Ine sindiyankhula choncho," misozi ikutsikira m'makutu. Anapukuta ndi bulangete, anaimika chithunzi pakabati kuti chiwayang'ane, ndipo osandiyang'ana ine, ngati akufunsa khoma, anati, "Phala lija munataya?"

Linali lozizira, la m'mawa. Anakana kuti ndikatenthetse. Anadya lonse, anakokota mbale ndi chala, anafunsa ngati nthochi zija zinatsalako. Mpongozi wanga anatuluka mwakachetechete kukaima pakhonde, ndinamuona pawindo akupukuta maso ndi kansalu kaja amapukutira kamera. Chithunzi cha mitambo chija anapita nacho ku Lilongwe, akuti makasitomala ake amachikonda kwambiri. Azikonda, sadziwa kanthu.

Ine ndinatola mbale kuti ndikatsuke kumpope. Ndikuyenda pabwalo la chipatala, mtima uli mbee, ndikuganiza kuti mwana wanga anakwatira bwino kuposa mmene ndinkadziwira. Ndafika pakati pa bwalo, anthu ali pamzere wa mankhwala, ndinangomva windo la wodi likutseguka, phaa! Munthu amene dzulo lake samatha kudzutsa mutu wagwira zitsulo za pawindo, dzanja lina akugwedeza chithunzi, mawu onse abwerera:

"Amayi! Inu amayi inu! Fodya wanga mwamupachika mothinana chonchi bwanji? Awola ameneyu! Wotsalayo musamukhudze, ndikubwera ndekha!"